Mmene Ndinakonzera Tivi ya Nsomba ya Agogo

Mukadzabwera kwathu ku Gimboki, kuno ku Zimbabwe, n'kupeza taphika nyemba, chonde musadzaziyamikire ine ndili pomwepo. Ingodyani mwakachetechete. Pakhomo pathu aliyense akudziwa chifukwa chake, ndipo poti nkhaniyi yafika kale ku Ntcheu kudzera pakamwa pa azakhali anga, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga zina.

Ndiyambe ndi agogo aamuna, bambo awo a bambo anga. Anachoka ku Malawi ali mnyamata n'kudzagwira ntchito pa famu ya fodya cha ku Odzi. Mkati mwa sabata ankagwira m'munda ngati anzawo, koma Loweruka mzungu wa pafamupo ankawatenga kupita kudamu kukawedza, iwo n'kumayendetsa boti. Mafamu atalandidwa, mzunguyo ananyamuka mothamanga, botilo n'kuwasiyira agogo pamodzi ndi kabokosi kotuwa komangirira kutsogolo kwake. Mabanja ena anachoka pafamupo ndi mabulangete ndi nkhuku. Athu anachoka ndi boti, alibe ngakhale nyumba yoti aliike kuseri kwake. (Ine ndinali ndisanabadwe, choncho pa nkhani imeneyo yokha ndilibe mlandu.)

Kabokosi kaja ndi makina oonera nsomba, koma kwathu timangoti tivi ya agogo. Kali ndi galasi laling'ono ndi mabatani owerengeka. Kumbuyo kwa boti, pomwe pamamira m'madzi, pali kanthu kakuda konga sopo wotsala pang'ono kutha, komwe agogo ankakatcha diso. Disolo limatumiza kaphokoso pansi pa madzi, kaphokosoko n'kubwerera, ndiye pagalasi pamaoneka kuya kwa madzi, mitengo yomira, ndi nsomba zooneka ngati zikhadabo zowengedwa. Ukadina batani lina pamabwera tsamba lachiwiri, la mapu a damu. Patsamba limenelo agogo ankaika kamtanda paliponse pomwe nsomba zawakomera mtima. Zaka zikupita, mitanda ija inachuluka mpaka tsambalo linkaoneka ngati manda a mishoni.

Mtanda uliwonse unali ndi dzina. Agogo sankalemba bwino, ndiye nditangophunzira zilembo ankandikhazika pamwendo, iwo n'kumatchula, ine n'kumadina. Panali CHITSA, panali MLAMBA, panali BWANA (pomwe mzungu uja anagwera m'madzi atavala chipewa), panali OSABWERA, ndipo panali NAGAMA, dzina la malemu agogo aakazi, pomwe iwo ankati sipanawabwezepo chimanjamanja. Kupatula ine pa ntchito ya zilembo ija, palibe ankaloledwa kukhudza makinawo. Bambo anga anayenda nawo pamadzi zaka zambiri, koma yawo inali injini. Agogo ankayang'ana pagalasi n'kumati kumanja, kumanzere, imani pano, bambo n'kumatsatira.

Chinthu china chomwe muyenera kudziwa za agogo n'chakuti ankadana ndi nyemba. Pafamu phoso linali ufa ndi nyemba, chaka ndi chaka, ndipo ankati nyemba zomwe Mulungu anawagawira pa moyo wawo anazimaliza asanakwatire. Akudwala chaka chatha anamanga bambo ndi mawu. Anati pa maliro anthu adye zomwe zapezeka, poti maliro sadziwitsa, koma tsiku lovundukula chiliza chawo pasadzaoneke nyemba ngakhale imodzi. Anthu adzadye nsomba, ndipo zikhale za pa mitanda yawo. Bambo anavomera pamaso pa tonsefe.

Chiliza chinamangidwa, tsiku linasankhidwa, Loweruka la mkati mwa tchuthi chathu. Azakhali Naphiri, mlongo wawo wa bambo amene anakwatiwa ku Ntcheu, anafika pa basi ndi thumba la mbatata ndi nkhani za mudzi wonse. Anandimva ndikulankhula n'kunena kuti Chichewa changa chili ngati tiyi wa alendo ochuluka, chathiridwa Chishona mpaka kuyera. Atamva kuti Lachisanu tikupita kudamu, anati nawonso apita, akaone malo omwe bambo awo ankawakonda kuposa tchalitchi.

Ine anandisankha chifukwa cha mbiri yanga. Ndili Fomu 3, sayansi ndimakhoza, ndipo ndikufuna kudzakhala injiniya wa zamagetsi. Mu mzere wathu wa nyumba foni ikavuta amaibweretsa kwa ine. Amayi ogulitsa tomato pakona amanditcha injiniya kale. (Kunena zoona, mankhwala anga anali amodzi pa matenda onse: kuzimitsa foni, kugwira mabatani awiri nthawi imodzi, n'kuiuza iiwale zonse iyambirenso. Koma zinkagwira, ndipo ndinkalandira tomato.)

Chomaliza, ndipo ichi ndiye mutu wa nkhani: kwathu chilichonse chimavala. Amayi anga amati anthu omwe anachokapo pamalo ndi katundu wa pamutu sasiya chinthu chili maliseche. Wailesi ili ndi kansalu koluka. Rimoti ili m'pepala la pulasitiki lomwe inabwera nalo. Mipando yavala, ketulo yavala, Baibulo lavala kawiri. Agogo atamwalira, boti linachotsedwa kudamu komwe ankalisungitsa kwa mnzawo n'kudzaikidwa kuseri kwa nyumba yathu, ndipo miyezi yonseyo linali m'manja mwa amayi. Sungani mawu amenewa.

Lachisanu m'mawa bambo anabwera ndi kalole ka kuntchito kwawo ku Paulington, komwe amacheka matabwa. Tinakweza boti, batire lomwe tinalitchaja magetsi atabwera, ndodo zowedzera, chitini cha nyongolotsi ndi zidebe zikuluzikulu zobweretsera nsomba. Titafika kudamu, bambo anagwira kutsogolo kwa boti, ine kumbuyo, n'kulitsitsira m'madzi. Apa ndiyenera kunena zoona. Ndinachiona. Kumbuyo kuja kunali kamtolo komangidwa bwino ndi lekeni, mphira wodulidwa ku chubu cha tayala, ndipo dzanja langa linakakhudza. Koma munthu wokulira m'nyumba momwe ketulo imavala sadabwa ndi kamtolo. Maso anga anakadutsa ngati mmene amadutsira kansalu ka pa wailesi.

Azakhali analowa komaliza atavala jekete yoyandamitsa yokhayo yomwe tili nayo, atakumbatira chigubu chopanda kanthu kuti jekete ikawanamiza chigubu chiwathandize. Bambo analiza injini, ine ndinalumikiza mawaya kubatire n'kuyatsa tivi ya agogo.

Inayaka. Tsamba la mapu linabwera ndi mitanda yonse, ndipo bambo ataona dzina la NAGAMA anawerama n'kuliyang'anitsitsa. Koma nditapita patsamba loonera pansi pa madzi, panalibe kanthu. Nambala yosonyeza kuya inkangophethira ngati munthu wolowedwa ndi kachitsotso m'maso. Pansi sipankaoneka, nsomba sizinkaoneka.

Bambo anati zilibe kanthu. Anati mitanda ikuoneka, ndipo mitandayo ndi yomwe tabwerera. Tingolunjika pa NAGAMA, tiponye mbedza, zinazo tikaziona kunyumba. Mawu amenewa ndimawamvabe nthawi zina ndili m'kalasi. Chomwe tinkachifuna chinali chikugwira ntchito. Chomwe chinafa chinali chomwe tikanatha kukhala opanda. Koma ine ndinali injiniya, azakhali a ku Malawi anali akundiyang'ana, ndipo ndinapempha kuti andipatse kanthawi kochepa chabe, iwo aziyendetsa pang'onopang'ono.

Ndinayamba mwaulemu. Ndinapukuta galasi ndi siketi. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Palibe chinasintha. Ndinatsata waya kuchoka pakabokosi mpaka pomwe amadutsira m'mphepete kulowa kumbuyo kwa boti, ndikumufinya ngati ndikusankha nzimbe, n'kulengeza kuti wayayo ali bwino. (Ndikanangowerama pang'ono kupitirira pomwe ndinalekezerapo, lero bwenzi ndikulemba za zina.) Kenako ndinayang'ana mitu ya batire n'kupeza kaufa koyera. Ndinafotokozera onse awiri zomwe tinaphunzira za asidi ndi zitsulo, ndinapala ndi mpeni wa bambo, n'kupempha botolo la kola lomwe azakhali anasungira nkhomaliro. Anandipatsa monyinyirika. Ndinathira, linachita thovu lokongola ndithu, mitu ya batire inawala ngati mphete. Nambala ija inapitiriza kuphethira.

Azakhali anati ku Ntcheu wailesi ikachita mwano amaipatsa khofi limodzi, ndipo asanamalize kunena anali atalipereka kale. Bambo anawagwira dzanja n'kuwakumbutsa kuti mwini wake sanaimenyepo. Azakhali anayankha kuti mwini wakeyo ana ake ankawamenya, makina okha ndi omwe ankawanyengerera.

Apa ndinalowa m'mimba mwa makina, muja muli mizere ya Chingerezi yosankhapo. Ndinakweza izi, ndinatsitsa izo. Ndili mkati mofufuza ndinapeza mzere wolonjeza kuti makina aonetsa mmene amagwirira ntchito. Ndinadzifunsa kuti kodi si zomwe takhala tikuwapempha kuyambira m'mawa? Ndinadina.

Anzanga, galasi lija linadzaza. Pansi pa damu panaoneka bwinobwino, ndi zigwa ndi timapiri. Nsomba zinali kudutsa m'magulumagulu, zing'onozing'ono pamwamba, zikuluzikulu pansi, makina akulira kuti tii, tii, ngati mwanapiye wosangalala. Nambala inasiya kuphethira n'kunena kuti pansi pathu m'pakuya kuposa kutalika kwa tchalitchi chathu. Pakona pa galasi panali kamawu kena kakang'ono kakuthwanima. Ndinakaona, koma ndani amawerenga timawu ta pakona nsomba zili mbwee?

Ndinauza bambo kuti aime pomwepo. Iwo anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti tidakali pafupi ndi mtunda ndipo agogo sanaimepo pamalo amenewo. Azakhali anati nsomba nazonso zimasamuka, asaiwale kuti ifenso tinachokera kwina. Anandisisita pamutu n'kunena kuti sukulu ya ku Zimbabwe ndi yabwino ndithu, Chichewa chokha ndiye imaononga. Mtima wanga unakula mpaka kudzaza boti.

Bambo anaponya nangula, yemwe ndi chitsulo chakale cha pulawo. Chinangoti thibu, chingwe n'kulefuka nthawi yomweyo. Anandiyang'ana. Ine, osaphethira n'komwe, ndinafotokoza kuti nangula wagwera pamwamba pa chulu chomira, ndipo nsomba zimakonda kuzungulira zulu. (Mayankho otere ndi omwe amandipatsa mamalikisi kusukulu. Pamadzi amangokupsetsa ndi dzuwa.)

Tinaponya mbedza. Dzuwa linakwera. Pagalasi nsomba zinkadutsa pansi pathu penipeni ngati anthu otuluka mu kombi, minibasi ya kuno, koma zingwe zathu zili zii. Tinasintha nyongolotsi. Bambo analavulira nyambo monga ankachitira agogo. Azakhali anayamba nyimbo ya kwaya motsitsa, kenako anasiya poganiza kuti mwina nsomba za kuno ndi za mpingo wina. Panali nsomba imodzi yaikulu kwambiri yomwe inkabwera yokha pambuyo pa kagulu ka zing'onozing'ono, ndipo azakhali anaitcha a Dikoni. Pakapita kanthawi ankati, a Dikoni abweranso. Kenako anayamba kulosera: tsopano kubwera ana atatu aja, kenako mtengo wopindika, kenako a Dikoni. Ndipo zinkachitikadi momwemo, mtengo ndi zonse, chikhalirecho boti lathu laima pamalo amodzi. Mtengo womira umayenda bwanji? Funso limeneli linandifika m'mutu, koma ndinalikankhira kunja.

Yomwe inatitsegula maso inali ng'ombe. Inatsika kumtunda kudzamwa madzi, inalowa, inapitirira kulowa, n'kudzaima chapafupi ndi boti lathu, madzi akuilekeza m'mimba, kakowa ali pamsana. Inatiyang'ana ikubzikula. Malinga ndi tivi ya agogo, ng'ombe imeneyo inali itaima pamwamba pa tchalitchi, ndipo a Dikoni anali akudutsa pakati pa miyendo yake.

Bambo anatenga nkhafi n'kuilowetsa m'madzi. Inagunda matope isanamire theka. Anaibweza m'boti. Anatambasula dzanja, koyamba pa moyo wawo, n'kudina okha batani la mapu.

Panabwera nyanja ina. Inali yopindikapindika, ya mayina achilendo omwe sindinawamvepo, nyanja ya dziko lina. Damu lathu panalibe. Mitanda ya agogo panalibe.

Pano ndikudziwa chomwe chinachitika. Chomwe ndinadina chija ndi chionetsero cha m'sitolo, kanema wongobwerezabwereza woti wogula aone kukongola kwa makina. Tinatha m'mawa wonse tikuwedza nsomba zojambula. Ndipo mitanda ya agogo inali ilipo, yabisala kuseri kwa chionetserocho, ikudikira kuti munthu azimitse makina n'kuyatsanso basi. Koma nthawi imeneyo sindinkadziwa. Ndinangoona nkhope ya bambo. Kuzimitsa n'kuyatsa ndinali nditayesa kale m'mawa osathandiza, ndiye ndinaganiza kuti matenda akula, pakufunika mankhwala aakulu. Mankhwala a tomato aja.

Ndinazimitsa, ndinagwira mabatani awiri, ndinayatsa. Makina anandifunsa m'Chingerezi chomveka bwino ngati ndikufunadi kuti zonse zibwerere mmene zinalili potuluka ku fakitale. Anandifunsa kawiri. Chinthu chopanda mzimu chinayesetsa kundiletsa.

"Mwanangu," anatero bambo, "mitanda ya agogo ako ibwerera?"

"Ibwerera, bambo. Ndimachita chonchi masiku onse."

Ndinadina.

Galasi linada, kenako linayera. Makina anandilonjera ngati sitinaonanepo, n'kundifunsa chilankhulo chomwe ndikufuna. Patapita kanthawi damu lathu linabwera, lenileni, ndi mikono yake yonse. Linali loyera ngati mbale yotsukidwa. Ndinakulitsa, ndinachepetsa, ndinapita kumpoto ndi kummwera. Panalibe CHITSA, panalibe BWANA, panalibe NAGAMA. Nditabwerera patsamba lina lija, nambala ija inali ikuphethirabe monga m'mawa, ngati ikundifunsa kuti tsono wapindulanji.

Bambo anga akakwiya amalankhula Chishona, mofulumira. Akamva chisoni amalankhula Chichewa cha agogo, pang'onopang'ono. Ndinkapemphera kuti chibwere Chishona.

"Anaiyika ndi dzanja lawo," anatero m'Chichewa. "Umodzi umodzi."

Azakhali, omwe pakamwa pawo sipapuma, anangokumbatira chigubu chawo n'kumayang'ana ng'ombe.

Poti mphepo inali itatikankhira pamatope, bambo anavula nsapato n'kutsikira m'madzi kuti akankhe boti. Anazungulira kumbuyo, anagwira m'munsi, n'kuima. Ndinawaona akupapasa. Kenako anayamba kumasula chinthu, n'kumaponya m'boti chimodzichimodzi. Choyamba lekeni. Kenako botolo la pulasitiki lodulidwa pakati. Kenako pepala la buledi, louma bwino mkati, lodzaza mpweya. Pomaliza, sokosi yoyera ya sukulu, yanga, yomwe ndinaisaka temu yonse yatha mpaka kunamizira mwana wa oyandikana nawo nyumba.

Amayi anali atalivalika diso lija kuti lisakandike. Sayansi yake ndikuidziwa bwino, ndipo n'zomwe zimandiwawa: kaphokoso kaja sikadutsa mumpweya kulowa m'madzi. Tinaphunzira temu yoyamba. Ndinakhoza funso limenelo.

Sokosi itangochoka, makina anati tii. Nambala inaima. Inanena zoona zokhazokha: madzi ofika m'mawondo, pansi pa matope osalala, nsomba palibe ngakhale imodzi.

"Ndiye kuti chinangofunika kuchivula sokosi," anatero azakhali, motsitsa kwambiri. "Ife mpaka khofi."

Masana onse tinayendayenda pa damu tikusaka malo a agogo ndi mutu. Bambo ankati akukumbukira kuti pa NAGAMA phiri lina limabisala kuseri kwa linzake, koma madzi anali atakwera chaka chino, magombe asintha, ndipo munthu yemwe wakhala zaka akuyang'ana injini sakumbukira mapiri bwino. Ine ndinkadziwa mayina onse, mwadongosolo lake, ndi zilembo zomwe ndinalakwitsa ndili mwana. Koma dzina lopanda malo silikola nsomba. Makina, omwe tsopano ankagwira ntchito mokhulupirika, anationetsa madzi ambiri opanda kanthu. Dzuwa likupendeka tinali ndi timakwaya, tinsomba tonga chambo, tochepa tosadzaza chikhatho ndi kamlamba kamodzi komwe azakhali anakakoka mwangozi akufuna kuchotsa mbedza muudzu. Zidebe zikuluzikulu zija zinabwerera zikulira pa lole.

Kunyumba amayi anamva nkhani yonse ataimirira. Poyamba anadziteteza. Anati iwo anavundikira kuti chinthu chisaonongeke, nanga anthu atatu akuluakulu analibe maso? Ine ndinati ndinakaona kamtoloko ndipo ndinakakhudza. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anauza bambo kuti msika sunatseke, nsomba zogula nazonso ndi nsomba, ndipo palibe mlendo amene adzafunse mbale kuti wachokera pa mtanda uti. Bambo anakana. Anati analonjeza nsomba za pa mitanda, ndipo zimenezo zalephereka; sangakaime pamanda a bambo awo n'kunamizira ndi nsomba za mufiriji ya munthu. Kuli bwino mkuluyo aone yekha kuti ana ake alephera.

Amayi anatembenuka. Analowa m'nyumba. Patapita kanthawi ndinamva phokoso lomwe sindidzaliiwala, la nyemba zouma zikukhuthulidwira m'beseni lachitsulo.

Loweruka anthu anabwera ambiri, a kutchalitchi, a mu mzere wathu, ndi okalamba omwe anali pafamu limodzi ndi agogo. Chiliza chinali chitavala nsalu yoyera (yosokedwa ndi amayi, mwachidziwikire), ndipo azakhali ndi omwe anaivundukula akulira. Dzina la agogo linaoneka lolembedwa bwino pamwala, pomwe palibe batani loti munthu n'kudina. Titabwerera kunyumba, tinsomba tathu tija anatigawa tizidutswa tating'ono kwa okalamba a pafamu okha, kuti mawu a malemu asagwe pansi onse. Ena onse analandira nyemba ndi kabichi.

Ine ndinali wopereka mbale. Nditafika pa a Mbewe, mnzawo wa agogo wa pafamu amene mano anatha kalekale, anayang'ana m'mbalemo, anasuntha kachidutswa ka nsomba ndi chala, n'kupeza zomwe zinali pansi pake.

"Mnzanga uja anali wochenjera," anatero. "Anadziwa kutsogola."

Anthu anaseka, ngakhale bambo anamwetulira pang'ono. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi boti, n'kukhala kumeneko mpaka mbale zitayamba kubwerera.

Sabata yotsatira bambo anapita ndi kabokosi kaja kwa munthu wina wokonza mawailesi ku Paulington. Anabwera n'kundiuza mosabisa zomwe anamva: zofufutidwa mwa njira imeneyo sizibwerera, ndipo ndikanangozimitsa n'kuyatsa, mitanda yonse bwenzi ilipo. Sananene mokalipa. Ndikanakonda akanakalipa. Usiku ndimatha kutchula mayina aja mumtima ngati ndime ya pamtima, ndipo ndikafika pa NAGAMA ndimakumbukira mwendo wa agogo ndi fungo la fodya wawo, akundiuza kuti ndidine pang'onopang'ono, makina sathawa.

Tchuthi chisanathe bambo anandidzutsa m'mawa wina n'kunena kuti tikupita kudamu, awiriwiri. Potsitsa boti ndinagwada m'madzi n'kuliyang'ana diso lija maso ndi maso. (Linali litavalanso. Amayi sasintha. Ulendo uno inali sokosi ya bambo.) Tinalivula, tinanyamuka, ndipo ndinadabwa kuona bambo akulunjika pamalo osaya paja pomwe ng'ombe inatipeza. Anazimitsa injini n'kundiuza kuti ndiike mtanda.

Ndinati pamenepo palibe nsomba. Anati akudziwa, n'chifukwa chake pakufunika mtanda, kuti mdzukulu wawo, mwana yemwe ine ndidzabereke, asadzaimepo. Anati enawo tidzawasaka pang'onopang'ono, ine ndi mayina, iwo ndi mapiri, ndipo tikadzapeza pomwe sipabweza munthu chimanjamanja tidzadziwa kuti tafika kwa agogo aakazi. Ndinafunsa dzina loti ndilembe pa mtanda woyambawu. Anaganiza kaye, akuyang'ana kumtunda.

"Lemba kuti NYEMBA."

Ndinalemba, pang'onopang'ono. Mpaka lero ndi mtanda wokhawo womwe uli pa mapu aja. NAGAMA sitinapapezebe.

Mafoni ndimakonzabe, koma masiku ano ndimayamba ndafunsa kuti chinthucho chavala chiyani, ndipo ndikaona chala changa chikupita pa mabatani awiri aja ndimachikhalira. Nthawi zina chimandipulumuka. Za uinjiniya sindinasinthe maganizo, ndipo bambo akuti adzandiphunzitsa mpaka pomwe mutu wanga udzalekezere. Akuti tsiku lomwe ndidzalandire pepala langa adzaitana mzere wonse wa ku Gimboki, a Mbewe ngati adzakhalepo, ndi azakhali kuchokera ku Ntcheu. Ndiwo za tsikulo akuti asankha kale.